Za maprawns okazinga aja: yankho kwa achemwali a ku Matawale

Achemwali, ndaliona funso lanu. Mwati munadya maprawns okazinga opaka sosi wotsekemera koma wowawirako muli ku Johannesburg, ndiye mukufuna kuphikira alendo Loweruka likubwerali. Mwafunsa kokagula, kaphikidwe kake, komanso ngati pali malo odyera muno mu Zomba amene amaphika. Za malo odyerazo ayankhe ena, ine ndikhala pa kugula ndi kuphika. Mukafuna kuona maonekedwe ake pa YouTube, lembani Bang Bang Shrimp. Chakudyachi chinatchuka ndi malesitilanti a Bonefish Grill a ku America, ndipo sosi wake ndi zinthu zitatu basi.

Kuphikako n'kosavuta. Pamene anthu amagwera ndi pogula.

Amene alemba kuti "pitani ku Kachulu m'mamawa" aja akunamizani, kapena sanamve funso. Kachulu ndi doko la pa nyanja ya Chilwa, ndipo kumeneko mukapezako matemba, milamba ndi makumba. Maprawns amene mukunenawa, tinyama tachikamba ta gulu la nkhanu, ndi a m'nyanja yamchere, ndipo aliwonse amene mungawaone m'Malawi muno ayenda ulendo wautali ataundana. Ena amachokera ku Mozambique, m'nyanja ya pakati pa Beira ndi Quelimane komwe amati Sofala Bank. Ena, makamaka a m'mapaketi osendasenda a m'masupamaketi, ndi oweta m'madamu ku India kapena ku Vietnam, ndipo kuseri kwa paketi amalemba. Onsewo ndi abwino malinga sanasungunuke m'njira. Ndiye wina akakuuzani kuti ake ndi "a lero", muzimufunsa kuti lero lake liti. Ndiponso ku Mozambique boma limatseka usodzi wa maprawns kwa miyezi ingapo nyengo ya mvula kuti aswane, choncho wogulitsa akamalumbira mu Januwale kuti angovuulidwa kumene, muchenjere naye.

Ine ndimagula ku Blantyre, m'mafiriza a masupamaketi akuluakulu a ku Chichiri kapena ku Limbe. Ndi makilomita pafupifupi 65 kuchokera kuno, ulendo wopitirira ola pang'ono. Muno m'tauni nthawi zina amapezeka m'masitolo, koma amakhalitsa chifukwa ogula ndi ochepa, ndipo mmene magetsi amazimirazimira muno, paketi imene yakhala miyezi mufiriza yasungunuka ndi kuundananso kangapo. Mtengo ndi wolira. Ulendo womaliza paketi ya magalamu 800 inali cha m'ma K40,000 mpaka K50,000, ndipo mmene zinthu zikukwerera, tengani yowonjezera. Kumbukiraninso kuti gawo lina la kulemerako ndi ayezi amene amawakutira, ndiye mukasungunula mutsala ndi ochepa kuposa amene alembedwa pamwamba. Paketi imodzi ikwana anthu anayi kapena asanu ngati ndi cholawa chabe chodyera ndi zina. Ngati ndiwo zake ndi zomwezo, anthu atatu basi.

Chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse: musagule kwa anyamata oyenda ndi ma cooler box, kaya mtengo ukome bwanji. Alamu anga anagula kwa wina cha kudepoti, amene ankati katundu wangolowa kumene kudzera pa Muloza. Mtengo unali theka la wa m'sitolo, maprawns ake akuluakulu okhala ndi mitu, ooneka bwino ali ouma gwa. Kunali chinkhoswe, ndipo wophika ndinali ine. Atasungunuka, mitu inayamba kuda n'kumathothoka yokha, nyama yake yotereka m'manja. Nditangoponya oyamba m'mafuta, khitchini yonse inanunkha fungo la mkodzo. Fungo limenelo ndi la amoniya, ndipo likatuluka ndiye kuti awola, palibe mandimu kapena adyo amene angawakonze. Tinataya onse pamodzi ndi malita a mafuta amene anali m'chiwaya. Anyamata awiri amene anatola okazingawo tisanataye anagona akuthamangira kuchimbudzi. Wogulitsayo foni yake sinapezekenso.

Ndiye mukafika pafiriza, itengeni paketiyo m'manja muigwedeze. Maprawns azimveka akugundana, aliyense payekha. Mukaona aundana mulu umodzi, kapena m'paketimo muli chipale chambiri, kapena pansi pake pali ayezi wofiirira, ibwezeni. Mabokosi a makilogalamu awiri a ku Mozambique, a maprawns okhala ndi mitu, ndiwo amaundanitsidwa pamodzi mwadala, koma amenewo muone mitu ngati sinade, ndipo dziwani kuti mutu ndi chikamba zimadya gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera, mwinanso kuposa. Pa chakudya ichi gulani osenda kale, aawisi, otuwa. Ofiira aja ndi owiritsa kale, mukawakazinganso alimba. Manambala a papaketi monga 21/25 kapena 26/30 akunena kuchuluka kwa maprawns pa paundi imodzi, yomwe ndi magalamu pafupifupi 450. Nambala ikachepa ndiye kuti ndi akuluakulu. Tengani 26/30 kapena 31/40. Akuluakulu kwambiri ndi kuwononga ndalama, chifukwa apa pamafunika oti munthu aponye m'kamwa kamodzi.

Agulidwe pomalizira, mutamaliza kale zina zonse za m'tauni. Muchoke kuno ndi cooler box ndi mabotolo awiri a madzi oundana. Ngati mukuyenda pa minibasi, bokosilo likhale pamiyendo panu, asaliike pansi pa mpando wakutsogolo pamene pamatentha injini. Gulani Lachisanu, phikani Loweruka, musadalire firiza ya kunyumba sabata yonse.

Usiku wa Lachisanuwo aikeni m'mbale mufiriji, osati mufiriza, asungunuke pang'onopang'ono. Mukachedwa, imikani paketi yosatsegula m'beseni la madzi ozizira, mphindi 30 zikwana. Madzi otentha ayi, padzuwa ayi. Ngati kumsana kukuoneka kamzere kakuda, ndi katumbo, chekani pang'ono ndi mpeni mukachotse, apo ayi mudzamva mchenga m'mano. Mukatsuka, apukuteni ndi kansalu koyera mpaka aume. Anthu amadumpha pamenepa, kenako n'kumadabwa kuti ufa ukusupuka m'mafuta.

Ophika akunja amawanyika mu buttermilk. Musavutike kufunafuna, chambiko chimagwira ntchito yomweyo. Theka la kapu ya chambiko, mchere pang'ono, adyo wosinja, muwasiye mufiriji mphindi 15 kapena 20. Kenako muwatsanule, muwagubuduze mu cornflour, uja wa m'mabokosi amene timakhuthalitsira msuzi. Kapu imodzi ikwana paketi yonse. Apa ndiye ndikutsutsana ndi amayi amene alemba kuti ufa woyera ndi chimodzimodzi poti zonse ndi chimanga. Si chimodzimodzi ayi. Ufa wansima uli ndi misere, umagwera pansi pa chiwaya n'kupserera, ndipo mafuta onse amada musanafike theka. Fulawa wa tirigu yekha amamwa mafuta n'kufewa msanga. Cornflour ikasowa, ufa wa chinangwa wosefa bwino ndi umene umayandikira. Mukawapaka, akung'untheni pa sefa, muwayale pathireyi mphindi zisanu kuti ufa ugwire.

Mafuta akhale ochuluka, oti maprawns amire, pafupifupi lita imodzi m'poto wakuya wapakatikati. Ndikudziwa mafuta adula, koma mukathira pang'ono ngati mukukazinga dzira, ufa umamatirira pansi. Kutentha kwake ndi madigiri 175 mpaka 180. Ambirife tilibe choyezera, ndiye ponyanimo kachidutswa ka ufa wonyowa uja. Kakabwera pamwamba nthawi yomweyo kakuchita thovu, mafuta apsa. Kakamira n'kukhala phee, dikirani. Mafuta akayamba kufuka utsi, mwapitirira, chotsani pamoto kaye. Pa mbaula zimatheka bwino lomwe, koma makala akhale atayaka onse, ndipo ena akhale pambali oonjezera, chifukwa moto ukatsika pakati pa ntchito, otsalawo adzangomwa mafuta.

Ponyani ochepa nthawi imodzi, khumi kapena khumi ndi awiri, mmodzimmodzi kuti asamatane. Mphindi ziwiri, zikachuluka zitatu. Musadikire kuti afiire ngati zitumbuwa, cornflour sifiira kwambiri, imangosanduka yachikasu pang'ono ndi kuuma. Yang'anani mapindikidwe: akapanga chilembo cha C apsa, akatsekeka kukhala O mwachedwa, ndipo potafuna adzakhala ngati mphira wa legeni. Amene alemba kuti muyambe mwawiritsa mphindi khumi "kuti tizilombo tife" aja ali ndi mtima wabwino, koma musawamvere. Mafuta otentha chotero amapsetsa mpaka m'kati. Mukavuula, ayaleni pa waya kapena pa sefa yachitsulo, muwaze kamchere. Musawaike m'mbale zovindikira zija timasungiramo nsima, nthunzi imawafewetsa nthawi yomweyo. Pakati pa gulu ndi gulu, lolani mafuta atenthenso, ndipo vuulani zinyenyeswa za ufa.

Sosi upangeni m'mawa, ukhale mufiriji. Theka la kapu ya mayonesi, kota ya kapu ya sweet chilli sauce, ndi tsabola wowawa. Eni ake amathira sriracha, tsabola wa m'botolo wa chi Thailand, koma kuno ndi wodula ndiponso wosowa. Nali amakwana, ine ndimakonda wa adyo uja. Kungoti Nali amawawa kuposa sriracha, ndiye yambani ndi theka la kasupuni ka tiyi, lawani, kenako muonjezere. Finyiranimo ndimu pang'ono kuti sosi asalemere m'kamwa. Kambuzi ndimamukonda pa usipa ndi pa nyama, koma muno fungo lake limaphimba maprawns onse, mudzangomva kambuzi yekha pa K50,000 yanu. Komanso onetsetsani kuti ndi mayonesi weniweni. Salad cream ndi wamadzi komanso wowawasa, sagwira.

Sweet chilli sauce mukamusowa m'sitolo, phikani nokha. Theka la kapu ya shuga, theka la kapu ya viniga woyera, madzi kota ya kapu, adyo wosinja, tsabola wofiira wodula tizidutswa, ndi mchere. Ziwire mphindi zisanu, kenako thirani supuni ya cornflour yosungunula m'madzi ozizira, takasani mpaka akhuthale. Azizire ndithu musanamusakanize ndi mayonesi. Sosi wonsewu sayenera kuona moto. Mukautenthetsa, mayonesi amalekana, mafuta kwaokha, zoyera kwazokha.

Kusakaniza ndi ntchito yomaliza, alendo atakhala kale patebulo, atasamba m'manja, pemphero litatha. Ikani maprawns otentha m'mbale yaikulu, thirani theka la sosi, tembenuzani mofatsa kuti aliyense apakike, tengerani kutebulo. Wotsalayo apite m'kambale payekha. Zikadutsa mphindi khumi kukukutika kuja kumatha, ndiye ngati alendo anu ndi aja amati tifika 12 koloko n'kufika 2 koloko, musakazinge mpaka mumve galimoto pageti. Pansi yalani letesi kapena kabichi wodula mopyapyala, pamwamba anyezi wamasamba. Zimenezo mumsika waukulu wa Zomba simungazisowe, ndi mandimu omwe. Mpunga woyera wa ku Domasi kapena Kilombero ukwanira, musauthire zokometsera zambiri. Ndi nsima sindingakulimbikitseni.

Kanthu kena: sosi ndi ufa womwewu zimakoma kwambiri pa mnofu wa chambo wodula timagawo, kapena pa chidale cha nkhuku. Nkhuku imafuna mphindi zinayi kapena zisanu m'mafuta. Lachinayi yesererani pa nkhuku, muone mmene mbaula yanu ikuyendera ndi mmene Nali akuwawira, kuti Loweruka musaphunzirire pa katundu wodula. Ndipo ulendo wa ku Blantyre ukakanika, phikani chambocho, alendo sadzadandaula.

Afunseni alendowo pasadakhale. A Seventh Day sadya maprawns, ndipo si bwino kuwadzidzimutsa patebulo. Komanso pali anthu amene matupi awo sagwirizana ndi maprawns ndi nkhanu, ndipo kuno ambiri sadziwa chifukwa sanalawepo. Amene akudya koyamba, makamaka ana, ayambe ndi mmodzi adikire. Munthu akayamba kuyabwa thupi, kutupa milomo kapena kubanika, musamupatse mkaka kapena kumugoneka kuti zitha, thamangirani naye ku chipatala cha Zomba Central. Ngati mukuphikiranso nkhuku ya amene sadya maprawns, ikazingeni poyamba mafuta akadali oyera, ndipo ikhale ndi mbale ndi supuni yakeyake. Mafuta otsalawo muwasefe muzikazingira nsomba zokha, musadzaphikire mandasi a ana.