Mjigo wa m'mudzi suvala nsalu ya chipani

Mayi wina wa kufupi ndi Tsangano, ku Ntcheu, watilembera pa imelo. Iwowa ndi mlembi wa komiti ya mjigo. Akuti chichitikireni chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025, mabanja ena anasiya kusonkha ndalama, ati mjigowo anakumbitsa ndi phungu wa chipani china, ndiye akonze eni ake. Enanso akumatonza anzawo odzudzula boma kuti sakonda dziko. Mayiwa akufunsa kuti: kukonda dziko n'kutani pamene mudzi wagawikana chonchi?

Mayi, tayang'anani m'mene mpando wasinthira manja. MCP inachoka mu 1994, n'kubwera UDF. Bingu wa Mutharika anayambitsa DPP mu 2005 ali kale pampando. PP inalowa mu 2012, DPP mu 2014, MCP ndi anzake mu 2020, kenako DPP n'kubwereranso mu 2025. Kukonda dziko kukanakhala kuombera m'manja olamula, bwenzi aliyense wa m'mudzi mwanu atakhalapo kale mdani wa Malawi. Ngakhale mbendera inalowa m'mkanganowu: mu 2010 anachotsa dzuwa lotuluka n'kuika loyera lathunthu, mu 2012 yakale ija n'kubwerera.

Za kudzudzula boma, anthu a ku Ntcheu safunika kuphunzitsidwa. Inkosi Gomani II inakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mu 1953, atsamunda n'kuichotsa pa ufumu. Maepiskopi a Katolika atatulutsa kalata yawo pa 8 Malichi 1992 anatchedwa oukira, koma chaka chotsatira, pa 14 Juni, Amalawi anavotera zipani zambiri. Lero palibe amene anganene kuti anthu amenewa ankadana ndi dziko lawo.

Tsono tibwere pa mjigo, poti nkhani yagona pamenepo. Choyamba fufuzani kumene kunachokera ndalama zokumbira. Ngati ndi za CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'dera, imeneyo ndi misonkho ya tonse, yomwe ngakhale wogula mayunitsi a foni amalipira, ndipo phungu sanapise m'thumba mwake. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga linayamba kugwira ntchito mu 2020, choncho komiti yanu, kudzera ku VDC (komiti ya chitukuko ya m'mudzi), ikhoza kulembera khonsolo kufunsa zimenezi. Yankho lake mukaliwerenge pagulu.

Msonkhano aitanitse ndi a nyakwawa, ndipo uchitikire pabwalo kapena pa mjigo pomwepo. Mukakachitira pakhonde la wapampando wa chipani, theka la mudzi silibwera, ndipo simungawaimbe mlandu. Nenanitu kuti pasapezeke wovala nsalu, tisheti kapena chipewa cha chipani, kaya ndi cha tambala, cha chimanga kapena china chilichonse. Izi zimaoneka zazing'ono, koma mayi akafika atamanga nsalu ya chipani, mnzake amamva nsaluyo, mawu ake osawamva.

Komiti ya mjigo nthawi zambiri imakhala ya anthu 10. Onetsetsani kuti wapampando ndi msungichuma sali a mbali imodzi kapena a banja limodzi. Kawirikawiri anthu akamati "sitisonkha chifukwa cha chipani", pansi pake pamakhala kukayikira komwe ndalama zikupita, ndale zimangokhala pobisalira. Mwezi uliwonse werengani buku mokweza: zalowa zingati, zatuluka zingati, lisiti ili.

Ndipo auzeni chomwe chimachitika mjigo ukasiyidwa. Pa mjigo wa mtundu wa Afridev, zoyamba kutha ndi karabala ka pansi kokoka madzi ndi mabushi apulasitiki a pachogwirira. Rabala ikatha, mumapopa kambirimbiri madzi asanatuluke. Mabushi akadyeka, chogwirira chimagwedera uku ndi uku, chitsulo n'kuyamba kudya chitsulo chinzake, kenako ndodo ndi mapaipi a pansi amaonongeka. Zomwe mukanasintha nokha ndi sipanala zimadzafuna makaniki wa m'dera ndi ndalama zochuluka. Pamenepo amayi amabwerera ku zitsime za kudambo, ndipo kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno osafunsa kuti anavotera ndani.

Wandale akabwera kuti akonza, musamukane. Alandiridwe pamaso pa amfumu, thandizo lake lilembedwe m'buku ngati la wina aliyense, koma asapake penti ya chipani pa simenti. Kusonkha kwa mwezi ndi mwezi kupitirire, chifukwa iyeyo mudzamuonanso kampeni ikayandikira.

Zikafika poopsezana kapena kuletsana kutunga madzi, imeneyo si nkhaninso ya komiti. Kauzeni amfumu ndi apolisi. Ngati oyambitsa ndi atsogoleri a zipani, kaonaneni ndi a NICE, bungwe lophunzitsa anthu za demokalase, kapena ofesi ya DC, omwe amatha kuitanitsa zipani zonse za m'boma lanu la Ntcheu kuti zikhale pansi.