Funsani Adokotala: Atorvastatin wotchipayu si wafeki?

FUNSO: Zikomo adokotala. Ndili ndi zaka 58, chaka chatha atandiyeza magazi anati mafuta achuluka, kolesterolo ndi ena aja amati ma triglycerides. Mwana wanga wa ku Joni ndi amene amanditumizira Lipitor koma pano zinthu zamuvuta, ndiye ku famase kuno andipatsa kabokosi kolembedwa atorvastatin 20mg a ku India, otchipa moti ndikuopa kumwa. Si afeki amenewa?
Mayi wa ku Zomba

YANKHO: Mayi, mtima m'malo. Ngati kabokosi ka Lipitor kaja simunataye tawerengani timalemba tating'ono pansi pa dzinalo, mupeza atorvastatin yemweyo. Lipitor ndi dzina la malonda chabe la kampani ya Pfizer, kwa zaka zambiri lamulo limalola iwo okha kupanga, ndiye mu 2011 nthawi yawo itatha ku America makampani ena anayamba kupanga nawo, mtengo nkugwa. Mphamvu ndi yomweyo, bola nambala ya mg ifanane ndi imene adokotala anakulemberani chifukwa alipo a 10, 20, 40 mpaka 80.

Afeki alipo inde, koma sitiwadziwira pa mtengo. Gulani ku famase yovomerezeka ndi bungwe loyang'anira mankhwala la PMRA, osati kwa anyamata a m'basi kapena pamsika pomwe mapilitsi amatandala padzuwa tsiku lonse.

Ntchito ya mankhwalawa ndi kuchepetsa kolesterolo amene chiwindi chimapanga, piritsi limodzi patsiku, nthawi iliyonse bola ikhale yomweyomweyo. Ma triglycerides amatsikako ndithu koma iwowa amamvera kwambiri zimene zikulowa m'kamwa, mowa, zoziziritsa kukhosi, tiyi wa masipuni anayi a shuga uja, ndipo apa mpamene ambiri timagwa nayo. Akakhala okwera kwambiri adokotala amatha kulemba ena otchedwa fenofibrate, koma osaphatikiza nokha chonde.

Musasiyenso kumwa poti mukumva bwino, mafuta m'magazi sapweteka, amangotseka mitsempha mwakachetechete mpaka sitiroko. Koma minofu ikayamba kuwawa popanda ntchito yolemetsa, kapena mkodzo ukada ngati tiyi wopanda mkaka, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Oyembekezera ndi oyamwitsa samwa amenewa. Ndipo ngati muli pa ma ARV, makamaka aja okhala ndi ritonavir, awuzeni adokotala ndi a ku famase musanayambe kabokosi katsopanoko, chifukwa mlingo umafunika kusintha.