Musangosintha pasiwedi yokha, onaninso amene ali ndi ulamuliro pa laputopuyo

Mayi, mwati laputopu yanu ya Windows 10 munagula kwa munthu, pasiwedi ya Administrator (akaunti yolamulira zonse pa kompyutapo) anaika ndi iyeyo, ndipo pano ana aidziwa moti akungolowetsamo magemu mpaka makina ayamba kuchedwa. Kusinthako sikuvuta ayi. Vuto n'lakuti ambiri amakhoma khomo la kutsogolo, la kuseri n'kulisiya pululu.

Yambani mwaona mtundu wa akaunti imene mumalowera. Tsegulani Settings, dinani Accounts, kenako Your info. Pansi pa dzina pakalembedwa kuti Local account, ndiye kuti pasiwediyo imasungidwa m'kompyuta momwemo basi. Pakakhala imelo, imeneyo ndi akaunti ya Microsoft, ndipo muonetsetse kuti imeloyo ndi ya ndani. Ikakhala ya wogulitsa uja musataye nthawi n'kusintha pasiwedi, chifukwa mwini imelo akhoza kuisinthanso ali kwawo, inu n'kudzapezeka mwatsekeredwa kunja. Pangani akaunti yanuyanu, muipatse udindo wa Administrator, musamutse mafayilo anu, kenako muchotse yakeyo. Kusamutsa mafayilo kuyambe, chifukwa kuchotsa akaunti kumafufutanso zonse zili pa Desktop ndi mu Documents mwake.

Ikakhala Local account, dinani Ctrl, Alt ndi Delete nthawi imodzi, sankhani Change a password, lembani yakale kamodzi ndi yatsopano kawiri. Basi.

Koma musatseke msanga. Bwererani ku Accounts, mulowe pa Sign-in options. Pamenepo pali Windows Hello PIN, tinambala tija ambiri amalowera m'malo mwa pasiwedi. PIN ndi yosiyana ndi pasiwedi, ndipo mukasintha imodzi inzakeyo imakhala momwemo. Ngati ana anazolowera kulowa ndi manambala anayi, mawa adzalowanso bwinobwino inu mukuti mwatseka. Isintheni kapena ichotseni. Pa tsamba lomwelo, pansi pa Password, pali pokonzera mafunso othandiza mukaiwala pasiwedi, amene Microsoft inawonjezera mu 2018. Amafunsa zinthu ngati mzinda umene munabadwira kapena sukulu yanu yoyamba. Mwana wanu sangalephere zimenezo! Ikani mayankho oti si enieni, muwalembe penapake pobisika.

Kenako pitani pa Family & other users muone mayina onse. Ogulitsa ndi okonza makompyuta ena amasiya akaunti yawo yotchedwa Admin kapena User, nthawi zina yopanda pasiwedi n'komwe. Iliyonse imene simukuidziwa ichoke. Anawo apangireni yawo, ndipo pa Change account type musankhe Standard User. Kwa ine apa ndi pamene pagona nkhani yanu. Mwana akafuna kuika pulogalamu, kompyuta idzatulutsa kabokosi kofunsa pasiwedi ya Administrator, ndiye adzayenera kukuitanani. Mukamalemba ayang'ane kumbali, ana a masiku ano amawerenga zala. Pali timapulogalamu tina timene timalowa popanda kufunsa, choncho muzisuzumirabe mwa apo ndi apo, koma zikuluzikulu sizidutsa.

Pasiwedi yatsopanoyo ikhale yaitali, zilembo 12 kapena kuposa. Dzina la mwana, chaka chobadwa ndi nambala ya foni ayi. Phatikizani mawu anayi kapena asanu a Chichewa osagwirizana, muikepo nambala pakati. Mudzaikumbukira mosavuta koma wina sangailote. Samalani ndi chizindikiro cha @. Pa kiyibodi ya ku America chili pa Shift ndi 2, pamene pa ya ku Britain malo omwewo amatulutsa ". Malaputopu ogula kwa anthu nthawi zina mabatani amaonetsa china, Windows n'kumalemba china, ndipo munthu amatha kukanidwa kulowa akulumbira kuti walemba zolondola. Musanatsimikize dinani kadiso kali kumapeto kwa bokosi muone zimene mwalembadi, muonenso kuti Caps Lock sinayake.

Ngati muli ndi fulashi imene simukuigwiritsa ntchito, iikeni, mutsegule Control Panel, User Accounts, musankhe Create a password reset disk, kuti idzakuthandizeni kulowa mukadzaiwala pasiwedi. Imagwira pa Local account yokha, ndipo imathandizabe ngakhale mutadzasintha pasiwedi kangapo. Aliyense woitola akhoza kulowa nayo, ndiye ikhale kumene mumasunga makalata ofunika, osati m'chikwama cha laputopu.

Akanakhala makina anga, popeza anadutsa m'manja mwa wina, ndikanakopera zithunzi ndi zikalata zonse kwina, n'kupita ku Settings, Update & Security, Recovery, Reset this PC, n'kusankha Remove everything. Zimachotsa maakaunti onse akale pamodzi ndi magemu aja, inu n'kuyamba ngati mwini wake weniweni. Mapulogalamu monga Office adzafunika kuikanso, choncho funsani kaye wogulitsayo za laisensi yake. Zimatenga nthawi, ndiye chitani batire litadzaza komanso chaja chili pamagetsi. Mukamaliza muone pa Windows Update ngati makinawo angalandire Windows 11, chifukwa Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025.