Kodi mlendo angavale kalpak?

Wowerenga wina wandilembera imelo. Akuti mnzake wa ku Kyrgyzstan, dziko la chigawo chapakati cha Asia, wamupatsa chipewa choyera chachitali chija amati ak kalpak, ndiye akufunsa ngati n'koyenera kuti iye, mlendo, azichivala. Achimwene, funso lanuli landifika pamtima.

Ndinagwirapo ntchito ndi bambo wina wochokera ku Osh, mzinda wa m'dzikolo, munthu wosayankhulayankhula. Tsiku lotsanzikana anandiveka kalpak ndi manja awiri, n'kundiuza kuti chipewachi sichiikidwa pansi. Patapita nthawi kunyumba kwanga kunali phwando. Mlendo wina anachichotsa pomwe ndinachipachika, n'kuyamba kuvina nacho anthu akufa ndi phwete, kenako anachiponya pakhomo pomwe panali nsapato. Ndinachitola manja akunjenjemera. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa.

Munthu ameneyo sankadziwa chimene anagwira. Kalpak amaipanga ndi ubweya wa nkhosa woumbidwa mpaka kulimba, zidutswa zinayi zosokedwa pamodzi, ndipo eni ake amati kusongoka kwake kumakumbutsa mapiri awo okutidwa ndi chipale chofewa. UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inalemba luso limeneli pamndandanda wa chikhalidwe cha anthu mu 2019, ndipo pa 5 Marichi dziko lonse la Kyrgyzstan limakumbukira chipewachi. Mu 2017, pachionetsero cha agalu ku Bishkek, likulu la dzikolo, wina anaveka galu kalpak, ndipo anthu anakwiya mpaka nkhani inakafika kunyumba ya malamulo. Ena anati anthuwo anangokokomeza. Ine ndikuti ayi, analondola. Kuseka chovala cha anthu ndi kuseka makolo awo, ndipo kusadziwa si chifukwa, pakamwa pofunsira alipo.

Chimene chimandipweteka china n'chakuti tonse timangokamba za chipewa cha abambo. Nanga elechek? Iyi ndi nsalu yoyera yaitali mamita ambiri imene mayi wokwatiwa amaizunguliza kumutu. Kale, mtundu uwu ukuyendayenda ndi ziweto m'mapiri, mayi akabereka panjira ankang'ambako nsalu yokulungira khanda, wina akamwalira ankang'ambako yokulungira maliro. Aliyense amene anaona ntchito za chitenje cha mayi ake amvetsa. UNESCO inaizindikira mu 2023, patapita zaka zambiri amayi a m'matauni ataisiya. Palinso beldemchi, siketi yotseguka kutsogolo imene amayi amamanga pamwamba pa diresi, yothandiza pa kuzizira komanso pokwera kavalo. Alendo ambiri saitchula n'komwe.

Tsono yankho lanu

Valani, achimwene. Kwa iwo kupatsa mlendo kalpak ndi ulemu waukulu, ndipo mnzanuyo adzasangalala kukuonani nayo. Koma musaiike pansi, musaiponye, musaipereke kwa ana kuti azisewera nayo, ndipo musapite nayo kumowa. Mukaivula, ikani pamalo okwera, kutali ndi mapazi. Za kachapidwe mufunse mnzanuyo musanaiviike m'madzi, ubweya umakwinyika.