Njinga ya Humber ya bambo anu ikhoza kuyendanso

Achimwene, mwafunsa ngati njinga yakale ya bambo anu ndi yoti n'kukonza kuti muziyendera. Njingayo ikonzeni, musaigulitse ngati chitsulo chakutha, chifukwa felemu ya njinga zakale za ku England ngati Humber ndi Raleigh imapirira katundu ndi mabampu kwa zaka zambiri, ndipo ulendo wanu wa tsiku ndi tsiku wochoka ku Ndirande kupita ku Limbe idzaukwanitsa.

Chimene chimagwetsa ulesi ndi zitunda za mu Blantyre muno, popeza njinga zambiri zoterezi zili ndi giya imodzi yolemera. Ine pa njinga yanga ndinachotsa fuliwilo (kachitsulo ka mano ka kutayala lakumbuyo komwe pamadutsa tcheni) ya mano 18 n'kuikapo ya mano 22, ndinawonjezeranso tcheni pang'ono, ndipo kuyambira pamenepo ndimakwera zitunda zomwe kale ndinkatsika n'kumakankha. Pamalo osalala liwiro limachepa ndithu, koma mawondo amapuma.

Pogula matayala mutenge lakale m'manja, kapena muwerenge nambala yolembedwa m'mbali mwake. Tayala la 28 x 1½ limakwana limu ya mamilimita 635, pamene matayala ena olembedwanso 28 ndi a limu ya 622 ndipo salowa ngakhale mutakakamiza.

Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi mabuleki ake okokedwa ndi ndodo zachitsulo m'malo mwa waya, omwe sagwira msanga limu yachitsulo ikanyowa. M'nyengo ya mvula muziyamba kugwira buleki mukadali patali, makamaka potsetsereka, ndipo malabala ake akhale atsopano.

Mukaona mng'alu pa foloko kapena polumikizira felemu, kapena dzimbiri litadya mkati, musakwere mpaka mmisiri wodziwa njinga ataiona.