Wi-Fi ikumaduka pa desktop pomwe foni ikugwira bwino

Achimwene, mwati desktop yanu ikumataya Wi-Fi pakapita mphindi zingapo kenako n'kubwereranso yokha, pomwe foni ili m'chipinda chomwecho ikugwira bwinobwino, ndiye mukuganiza zogula rauta ina. Dikirani kaye, ndalamayo isungeni. Ngati foni siikuduka, rautayo mwina ilibe mlandu.

Tiyambe tadziwa pomwe pakudukira. Tsegulani Command Prompt, lembani ipconfig, muone nambala yomwe ili pa Default Gateway, yomwe ndi adiresi ya rauta yanu. Kawirikawiri imakhala 192.168.1.1 kapena 192.168.0.1, ndipo pa ma MiFi ambiri a Huawei ndi 192.168.8.1. Mukatero tsegulani mawindo awiri. Pa loyamba lembani ping (lamulo lofunsa ngati chipangizo china chikuyankha), nambala ija, kenako -t. Pa lachiwiri lembani ping 8.8.8.8 -t; imeneyi ndi adiresi ya seva ya Google pa intaneti. Zisiyeni ziziyenda inu mukugwira ntchito zanu. Intaneti ikaduka, thamangirani kukaona. Mawindo onse awiri akasiya kuyankha, vuto lili pakati pa kompyuta ndi rauta. Koma rauta ikamayankha pomwe 8.8.8.8 ili zii, ndiye kuti ndi netiweki ya kunja, ndipo pamenepo kompyuta yanu musaivutitse.

Ine ndikukayikira kwambiri ka dongle. Simunanene, koma ma desktop ambiri amagwira Wi-Fi ndi ka dongle, ka USB kakang'ono ngati chikhadabo, kobayidwa kumbuyo. Ndinavutika nazo zimenezi pafupifupi mwezi wathunthu. Kompyuta inali pansi pa tebulo, yotsamira khoma la njerwa, ka dongle kali mumdima pakati pa mulu wa zingwe. Bokosi la kompyuta ndi chitsulo, ndipo chitsulo chimatchinga siginolo ya Wi-Fi. Choipa china, ndinali nditakabaya pa doko la buluu pafupi ndi hard drive yakunja. Madoko a buluuwo ndi USB 3.0, ndipo amatulutsa phokoso losokoneza Wi-Fi ya 2.4 GHz, nkhani yomwe kampani ya Intel inafotokoza kale mu 2012. Ndinagula chingwe cha USB chowonjezera cha mita imodzi, n'kuchibaya pa doko lakuda, dongle n'kuiika pamwamba pa tebulo poyang'ana komwe kuli rauta. Kuyambira tsiku limenelo sinadukenso. Ngati yanu ndi khadi ya mkati, onani ngati tinyanga tiwiri takumbuyo tili tomangidwa bwino. Anthu ambiri amatisiya m'katoni.

Chachiwiri ndi Windows yeniyeniyo, imene imazimitsa adapta ya Wi-Fi (dongle kapena khadi ija) pofuna kusunga magetsi. Pitani pa Device Manager, Network adapters, dinani kumanja pa adapta yanu, Properties, kenako Power Management, muchotse chizindikiro pa mzere wolola kompyuta kuzimitsa chipangizocho. Mu Power Options muzimitsenso USB selective suspend. Desktop ilibe batire yoti muisunge, ndiye izi sizikuthandizani chilichonse.

Zikapitirirabe, ganizirani za anansi. Ngati mumakhala m'nyumba zoyandikana, ma rauta ambiri amalimbirana njira (channel) imodzi pa 2.4 GHz, makamaka madzulo aliyense akaweruka. Lowani mu rauta musankhe channel 1, 6 kapena 11, chifukwa ndi zitatu zokhazo zomwe sizipondana. Rauta ndi dongle zikakhala ndi 5 GHz, samukirani kumeneko, kungoti siipyola makoma ambiri. Microwave nayo ikayaka imasokoneza 2.4 GHz. Driver, pulogalamu yoyendetsa adapta, mukatenge pa tsamba la amene anapanga adaptayo, kaya ndi Realtek, Intel kapena TP-Link.

Pa Windows 10 ndi 11, mukatsegula Command Prompt ngati administrator n'kulemba netsh wlan show wlanreport, mupeza lipoti la masiku atatu apitawa losonyeza nthawi iliyonse yomwe inaduka komanso chifukwa chake.

Komabe desktop siyenda, achimwene. Ngati n'kotheka kudutsitsa chingwe cha Ethernet m'mbali mwa khoma, chimafika mpaka mamita 100, ndipo ineyo ndikanasankha chimenecho. Yesani ping ija madzulo ano, mubwere mutiuze windo lomwe lasiya kuyankha komanso mtundu wa dongle yanu.