Mwana wanu si wamwano, vuto lili m'maso

Mayi wina wa ku Lizulu wanditumizira imelo. Mwana wawo wamwamuna wa Sitandade 3 wakwapulidwa kusukulu chifukwa pojambula mbendera ya dziko lathu anapaka chobiriwira pamalo pa chofiira. Akufunsa ngati ndi mwano, kulodzedwa kapena maso.

Amayi, imelo yanu yandikhudza kwambiri, chifukwa nanenso ndinabadwa choncho: maso anga sasiyanitsa bwino chofiira ndi chobiriwira.

Ndinakulira ku Bembeke, m'dimba la tomato. Akatituma kukathyola, alongo anga ankadzaza dengu ndi wakupsa yekhayekha, pomwe langa theka linkakhala la muwisi. Mayi anga ankakalipa kuti ndimathyola ndikuganiza za mpira. Koma kwa ine tomato wakupsa akabisala m'masamba, iye ndi masambawo zinkaoneka mtundu umodzi wotuwa. Ndinaphunzira kumusindikiza ndi chala: akafewa, ndiye kuti wapsa. Amene ankandiikira kumbuyo anali malume okha. "Musiyeni mphwangayu," ankatero, "inenso tomatoyu amandipusitsa." Anthu ankaseka, poti malumewa ankadziwika kale kuti akagulira akazi awo chitenje ku msika wa Lizulu, amabwera akunena mtundu wina, chitenjecho chili mtundu wina.

Sizinangochitika mwamwayi kuti tikhale ine ndi malume. Kumbuyo kwa diso kuli kachikopa kotchedwa retina, ndipo pamenepo pali maselo olandira kuwala. Ena, ma rod, ndi amene amatithandiza kuona kukamada. Ena, ma cone, ndi a mitundu, ndipo alipo magulu atatu: lina limamva kwambiri kuwala kwa mbali yofiira, lina kobiriwira, lina kwa buluu. Ubongo umayerekeza zimene magulu atatuwa anena, n'kugamula kuti uyu ndi tomato wakupsa. Mwa anthu ngati ine, gulu limodzi mwa lofiira ndi lobiriwira palibe, kapena lilipo koma limanena zofanana kwambiri ndi linzake, ndiye ubongo umasowa posiyanitsira. Malangizo opangira ma cone awiriwa ali pa chromosome X, kamodzi mwa tinthu ta m'maselo tonyamula zimene timatengera kwa makolo. Mnyamata ali ndi X mmodzi yekha, wochokera kwa mayi ake. Mtsikana ali ndi awiri, wina akalakwika wina amaphimba. N'chifukwa chake kwa azungu a kumpoto kwa Ulaya vutoli limapezeka mwa mwamuna mmodzi pa 12 alionse koma mkazi mmodzi pa 200. Kuno ku Africa ndi locheperako, koma lilipo.

Ndikudziwa kuti achibale a amuna anu akamva zimenezi ayamba zakuti "zachokera kwanu". Musawamvere, palibe amene amasankha zimene amabadwa nazo.

Chimene chimandikwiyitsa ndi chikwapucho. John Dalton, katswiri wa sayansi wa ku England, anafotokoza vuto lake lomweli ku Manchester mu 1794. Dokotala wa ku Japan, Shinobu Ishihara, anatulutsa mu 1917 buku la timadontho tamitundumitundu tobisa manambala, ndipo kuyeza mwana ndi bukuli n'kwa mphindi zochepa chabe. Papita zaka zoposa 100, ife tikadali kukwapula ana. Mphunzitsi amalemba ndi choko chofiira pabolodi lakuda, amagawa mamapu ofuna kusiyanitsa mitundu, ku sekondale mwana auzidwa kuti aone ngati kapepala koyezera asidi kotchedwa litmus kasintha mtundu, akalephera akuti ndi mbuli. Ine ndikuti mphunzitsi aliyense ayenera kuphunzitsidwa zimenezi asanagwire choko, ndipo mwana aliyense ayezedwe asanafike Sitandade 4.

Nanga mutani?

Pitani naye kwa a maso ku chipatala cha boma ku Ntcheu, kapena ku Nkhoma, mukapemphe kuti amuyeze mitundu. Likakhala lobadwa nalo, mankhwala ake palibe, silikulirakulira, ndipo magalasi otsatsidwa pa Facebook sabwezeretsa ma cone amene palibe. Mulembereni mayina pa makirayoni, mukalankhule ndi aphunzitsi ake, ndipo mumuphunzitse kuti pa maloboti chofiira chimakhala pamwamba. Zosiyana ndi munthu wamkulu amene ankaona bwino kenako mitundu yayamba kuzilala, makamaka ngati ali ndi shuga kapena akumwa mankhwala a TB okhala ndi ethambutol: ameneyo asadikire, apite kuchipatala msanga.